Ntchito ikatha ku Camps Bay, nkhawa imafika mpaka kumudzi

Kunja kukamacha m'nyengo yozizira, mvumbi ukuwomba kuchokera ku nyanja ya Atlantic, mabasi a MyCiTi ndi maminibasi ochokera ku Hout Bay amakhala atayamba kale kutsitsa anthu m'mbali mwa msewu wa Victoria Road ku Camps Bay. Otsikawo si alendo odzaona malo ayi. Ndi amayi ndi abambo onyamula tizikwama ta zovala zogwirira ntchito ndi kamba wa masana. Mukatchera khutu mumva Chixhosa ndi Chishona, komanso Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka. Ena amalowera kukhitchini za malesitilanti, ena amakwera chitunda kupita ku nyumba zikuluzikulu zomwe zidamangidwa m'munsi mwa mapiri a Twelve Apostles ndi Lion's Head.

Camps Bay ndi limodzi mwa madera olemera kwambiri mu mzinda wa Cape Town. M'nthawi ya tsankho, malamulo adapatula derali kuti mukhale azungu okhaokha. Lero malamulowo adatha, koma mitengo ya nyumba ndiyo imasankha wokhalamo. Antchito ambiri amagona kutali, monga ku Imizamo Yethu, ku Dunoon, ku Masiphumelele kapena ku Capricorn, m'tinyumba ta malata ta lendi. Ochepa amapatsidwa kachipinda kuseri kwa nyumba ya bwana.

Kumudzi, ku Mangochi, ku Mzimba, ku Nkhata Bay kapena ku Dedza, abale amaona chithunzi cha pa WhatsApp: mwana wawo ataima pa mchenga woyera, kumbuyo kwake kuli mitengo ya kanjedza ndi galimoto zonyezimira. Amati wafika pabwino. Chimene chithunzicho sichionetsa ndi tulo tomwe mwanayo sadagone, ndi mantha omwe amakhala nawo mwezi ulionse ukamatha. Nkhani ino ikunena za katundu wa mumtima ameneyu, ndi zomwe wantchito, banja lake ndi alangizi a m'midzi angachite ntchito isanathe komanso itatha.

Kalendala ziwiri zosagwirizana

Chuma cha Camps Bay chimayendera alendo. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Febuluwale, pamene kwathu kuno tili pakati pa dzinja, ku Cape Town kumakhala dzuwa ndi kutentha. Malo odyera amadzaza, nyumba zobwereketsa alendo zimafuna okonza tsiku ndi tsiku, ndipo woperekera zakudya amatha kuima pa miyendo yake kuyambira masana mpaka pakati pa usiku. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumabwera mvula ndi chisanu. Alendo amachepa, eni nyumba ena amabwerera ku Ulaya, ndipo masiku a ntchito amadulidwa. Wosamalira maluwa yemwe amagwira masiku asanu pa sabata amatsala ndi awiri. Lendi yokha ndiyo sidulidwa.

Tsopano ikani kalendala imeneyi pambali pa kalendala ya mlimi. Mu Sepitembala sukulu zimatsegulira ndipo fizi imafunika. Mu Okutobala ndi Novembala banja limafuna mbewu ndi feteleza. Miyezi imeneyi ndiyo yomwe wa ku Cape Town amakhala atangotuluka m'nyengo yozizira, ali ndi ngongole ya lendi ndi ya kugolosale. Choncho pempho lalikulu la chaka limafika pamene thumba lake lili lopepuka koposa. Iye amachita manyazi kunena zoona, ndipo akumudzi amaganiza kuti wayamba kuumira.

Zinthu zidathina kwambiri m'zaka zapitazi. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Randi idayamba kusintha makwacha ambiri, koma mitengo ya chimanga, feteleza ndi sopo nayo idathamanga. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kummwera. Tsoka lililonse lotere limasanduka mauthenga a pafoni opita kwa uja ali kunja.

Njira yomwe adaponda agogo athu

Ulendo wa ku Joni si wa lero. Agogo athu adapita ku migodi ya golide kudzera ku Wenela, yomwe pambuyo pake idatchedwa TEBA, ife n'kumati Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Kulembako kudayambiranso mu 1977, koma kudathanso kuyambira mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza magazi a Amalawi pofufuza kachilombo ka HIV. Amuna pafupifupi 13,000 adabwezedwa kwawo, ndipo ambiri a iwo akhala zaka zochuluka akulondola ndalama zawo.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti ntchito ya m'dziko la eni imatha mwadzidzidzi, nthawi zambiri pa zifukwa zomwe wantchito sadazipange. Kusiyana kwake ndi kwakuti wa ku Theba adali ndi kontalakiti, tsiku lobwerera lodziwika, ndi gawo la malipiro lomwe ankalandirira kumudzi. Wa lero amapita yekha pa basi, mtunda wopitirira makilomita 3,000 kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge ndi Johannesburg. Palibe womusungira ndalama, palibe womubweza.

Zomwe zimadya mtima pa ntchito

Choyamba ndi mapepala. Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 ngati mlendo, koma chidindo chimenechi si chilolezo chogwirira ntchito. Nzika za Zimbabwe ndi Lesotho zidapatsidwapo zilolezo zapadera, koma Amalawi sadakhalepo ndi mwayi wotero. Wopyola masiku ake akhoza kuletsedwa kulowanso m'dzikolo mpaka zaka zisanu, ndipo akagwidwa akhoza kutumizidwa ku Lindela kukadikira kubwezedwa. Munthu wokhala ndi mantha otere amaopa kufunsa za malipiro ake, amaopa kukana ntchito yoonjezera, amaopanso kudwala.

Chachiwiri ndi kugwira ntchito wekha. Mlimi amalima moyang'anizana ndi mnzake, amapuma pansi pa mtengo n'kumacheza. Wantchito wa m'nyumba ya mpanda wautali amatha tsiku lonse osalankhula ndi munthu, makamera akumuyang'ana. Kanthu kakasowa m'nyumba, woyamba kuganiziridwa ndi iye. Wogona pa ntchito pomwepo sadziwa nthawi yowerukira, chifukwa dona akhoza kumuitana ngakhale usiku. Ndipo tsiku lomwe ntchito yatha, pogona pamatheranso pomwepo.

Chachitatu ndi mpikisano ndi chidani. Kuyambira kumapeto kwa 2020, chiwerengero cha anthu osowa ntchito ku South Africa chakhala chopitirira 30 mwa anthu 100 alionse ofuna ntchito. Wantchito amadziwa kuti pa geti pali ena khumi odikira malo ake. Amakumbukiranso zipolowe za mu Meyi 2008, zomwe zidapha anthu 62 ndi kufika mpaka ku Dunoon, komanso za mu 2015 ku Durban pamene boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mu 2022 boma la South Africa lidatulutsa maganizo ofuna kuika malire a chiwerengero cha obwera omwe angalembedwe ntchito m'magawo monga ulimi, zomangamanga ndi zokopa alendo. Nkhani zoterezi zikamveka pa wailesi, tulo ta ambiri timathawa.

Zaka zomwe zidasiya zipsera

Pa 11 Malichi 2017 moto udatentha nyumba zoposa 2,000 ku Imizamo Yethu, ndipo anthu pafupifupi 10,000 adasowa pokhala. Kwa munthu wobwera, moto wotere sutentha zovala zokha. Umatenthanso pasipoti, makalata a umboni wa ntchito ndi ndalama zosungidwa pansi pa matiresi.

Chilala chidatsatira. Madamu a mzindawo atatsala pang'ono kuuma, kuthirira maluwa ndi madzi a m'mipope kudaletsedwa, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2018 munthu aliyense adaloledwa malita 50 okha pa tsiku. Kapinga akauma, wotchetcha amatsala wopanda chochita.

Mliri wa Covid-19 ndiwo udapweteka koposa. Kuyambira pa 27 Malichi 2020 dziko lonse lidatsekedwa. Malesitilanti a m'mbali mwa Victoria Road adatseka zitseko, ndipo antchito a m'nyumba oyendera sadaloledwe kubwerera ku ntchito mpaka pa 1 Juni. Nthambi ya boma yoona za chiwerengero, Stats SA, idapeza kuti ntchito 2.2 miliyoni zidatha pakati pa Epulo ndi Juni chaka chimenecho, ndipo pafupifupi 250,000 mwa izo zidali za m'nyumba. Thandizo la boma la R350 pa mwezi poyamba lidali la nzika, okhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka. Bungwe la Scalabrini Centre la ku Cape Town lidapambana mlandu mu Juni 2020 kuti ofunsira malo othawirako ndi a zilolezo zapadera alandire nawo, koma Amalawi ambiri sadali m'magulu amenewa. Mazanamazana adakwera mabasi kubwerera kwawo. Kumapeto kwa Meyi 2020 anthu oposa 400 adathawa pa bwalo la Kamuzu Stadium ku Blantyre, pomwe adawasunga podikira zotsatira za kuyezedwa, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Adachoka kwawo ngati chiyembekezo cha banja, adabwerera anthu akuwaloza chala kuti abweretsa matenda.

Ngakhale zinthu zitayamba kubwerera mwakale, maiko a ku Ulaya adaletsa maulendo a ku South Africa kumapeto kwa Novembala 2021 kaamba ka mtundu wa Omicron, nyengo ya alendo itangotsala pang'ono kuyamba. Mu Ogasiti 2023 maminibasi adanyanyala kwa sabata yathunthu, anthu asanu adaphedwa, ndipo antchito ambiri adalephera kufika ku ntchito. Kwa wolipidwa pa tsiku, sabata yotere ndi lendi yathunthu yotayika.

Thupi limanena zomwe pakamwa pabisa

Timakula tikumva kuti mwamuna salira. Koma nkhawa ikatsekeredwa mumtima imatulukira pena. Zizindikiro zake ndi kusowa tulo, mutu wosatha, kugunda kwa mtima, kusafuna chakudya, kutentha kwa pamtima, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Ena amathawira ku mowa, ena ku juga ya pafoni poganiza kuti abweza zomwe zatayika. Ena amangosiya kuyankha foni ya kumudzi. Umu ndi momwe utchona umayambira nthawi zambiri: osati chifukwa choiwala kwawo, koma chifukwa cha manyazi.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidafotokoza kutheratu mphamvu kobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali pa ntchito. Lidatchula mbali zitatu: kutopa kosatha ngakhale munthu atapuma, kuipidwa ndi ntchito yomwe kale ankaikonda, ndi kuyamba kulephera zomwe ankazitha bwino. Mu 2022 WHO pamodzi ndi bungwe loona za ntchito la ILO adanena kuti masiku a ntchito pafupifupi 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse pa dziko lapansi chifukwa cha matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Choncho si ulesi, si ufiti, ndipo si vuto la azungu okha.

Pali zinthu zosafuna ndalama zomwe zimachepetsa katunduyu. Tsiku lopuma likhale lopumadi, osati lothamangira maganyu sabata iliyonse. Kudya chakudya chenicheni kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kugona nthawi yofanana, ndi kuchepetsa mowa kumathandiza thupi kupirira. Kusonkhana ndi anzako ku tchalitchi, ku mzikiti, ku mpira kapena ku gulu la maliro kumakumbutsa munthu kuti si makina a bwana. Polankhula ndi bwana za maola kapena malipiro, ndi bwino kusankha nthawi yomwe mitima ili m'malo, kunena chinthu chimodzi momveka, ndi kupempha kuti zomwe mwagwirizana zilembedwe, ngakhale mu uthenga wa pafoni.

Koma munthu akayamba kunena kuti moyo ulibe phindu, kapena kuti abale ake angapepukidwe iye atachoka, musazitenge ngati nthabwala. Mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala. Ku South Africa bungwe la SADAG lili ndi nambala yaulere ya 0800 567 567 yothandiza anthu otere, ndipo gawo 27 la malamulo aakulu a dzikolo limati palibe munthu woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Kuno kwathu thandizo lilipo m'zipatala za maboma, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba.

Safunsa adadya phula: zomwe malamulo amanena

Nkhawa yambiri imachokera ku kusadziwa. Malamulo a ntchito a ku South Africa amateteza wantchito wa m'nyumba, ndipo wosamalira maluwa pa nyumba ya munthu amawerengedwa m'gulu lomweli. Maola a ntchito ndi 45 pa sabata, ndipo opitirira apo amalipidwa mwapadera. Pa chaka pali tchuthi cholipidwa cha masabata atatu. Malipiro otsikitsitsa a dziko lonse adayamba pa 1 Januwale 2019 pa R20 pa ola, pamene a m'nyumba adayambira pa R15. Mu Malichi 2022 a m'nyumba adafanana ndi ena onse pa R23.19, ndipo mu Malichi 2025 ndalamayi idafika pa R28.79. Imaunikidwa chaka ndi chaka, choncho ndi bwino kufunsa ya chaka chomwe muli. Kangachepe komwe kasitomala amasiyira woperekera zakudya sikawerengedwa ngati gawo la malipiro amenewa.

Wantchito wa m'nyumba yemwe wagwira miyezi isanu ndi umodzi kapena kucheperapo ayenera kuchenjezedwa sabata imodzi ntchito isanathe. Wopitirira apo ayenera masabata anayi, kapena malipiro ake m'malo mwa chenjezolo. Ntchito ikatha chifukwa bwana akusamuka kapena chuma chavuta, wantchito ayenera kulandira malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chomwe wagwira, kuphatikizapo masiku a tchuthi omwe sadapume, ndi kalata ya umboni wa ntchito. Wogona pa ntchito sayenera kutulutsidwa tsiku lomwelo: bwana akathetsa ntchito nthawi yake isanakwane, lamulo limamupatsa wantchitoyo mwezi umodzi wa pogona.

Wochotsedwa popanda chifukwa chomveka, kapena osapatsidwa mpata wonena mbali yake, akhoza kukadandaula ku CCMA. Kumeneko salipiritsa, ndipo safuna loya, koma dandaulo liyenera kufika pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lochotsedwa. Mu 2008, pa mlandu wa pakati pa kampani ya Discovery Health ndi CCMA wokhudza nzika ya ku Argentina yomwe chilolezo chake chidatha, khoti la za ntchito lidagamula kuti munthu wobwera wopanda chilolezo chogwira amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo. Chigamulochi sichipereka mapepala okhalira m'dzikolo, koma chimatanthauza kuti thukuta la munthu silingadyedwe ulele.

Thumba la UIF, lothandiza omwe ntchito yawathera, lidayamba kulandira antchito a m'nyumba mu Epulo 2003. Wantchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro ake, bwana 1 peresenti, malinga ngati wantchitoyo amagwira maola oposa 24 pa mwezi. Komabe kuti munthu alandire amafunika mapepala ovomerezeka. Pa za ngozi, pa 19 Novembala 2020 khoti lalikulu la malamulo a dziko lidagamula kuti antchito a m'nyumba nawo azilandira chipukuta misozi akavulala kapena kumwalira pa ntchito. Mlanduwu udayamba ndi imfa ya mayi Maria Mahlangu, omwe adamira m'dziwe losambira la abwana awo ku Pretoria mu 2012. M'dera longa Camps Bay, momwe muli maiwe osambira, mawindo aatali ndi makwerero ambiri, chigamulochi ndi chofunika kuchidziwa. Ofuna uphungu akhoza kupita ku Scalabrini Centre, ku PASSOP, kapena ku bungwe la antchito a m'nyumba la SADSAWU, lomwe malemu Myrtle Witbooi a ku Cape Town komweko adalitsogolera kwa zaka zambiri.

Konzekerani dzuwa likadali m'mwamba

Nthawi yokonzekera kutha kwa ntchito ndi pamene ntchito ilipo. Wantchito akhale ndi kope lolembamo tsiku lomwe adayamba, masiku ndi maola omwe wagwira, ndi ndalama zomwe walandira. Ajambule pasipoti yake ndi makalata onse ofunika, atumize zithunzizo kwa mbale wodalirika, kuti moto kapena wakuba asamusiye wopanda umboni. Apemphe kalata ya umboni pamene iye ndi bwana akumvana, chifukwa ku Cape Town ntchito zambiri za m'nyumba zimapezeka kudzera m'mawu a bwana wakale.

M'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale, pamene ndalama zikulowa, apatule ya lendi ya miyezi iwiri ndi ya basi yobwerera kumudzi, ndipo asaikhudze. Kwa wopanda UIF, imeneyi ndiyo UIF yake. Chipereganyu ndi anthu odziwana bwino chimathandiza, koma katapila ndi msampha, makamaka uja wofuna pasipoti ngati chikole. Ndi nzerunso kusadalira bwana mmodzi, ndi kuphunzira luso lachiwiri monga kupenta, kuphika, kusamalira okalamba kapena kukonza maiwe osambira.

Tsiku lomwe ntchito yatha, mtima umafuna kubwezera mawu. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Funsani chifukwa chochotsedwera, pemphani kuti chilembedwe, ndipo musasaine pepala lomwe simudalimvetse. Kusaina kuti mwasiya nokha ntchito kumakulandani zambiri mwa zomwe tatchula pamwambapa. M'sabata yoyamba werengani ndalama zomwe muli nazo, lankhulani ndi mwini nyumba tsiku la lendi lisanafike, ndipo uzani banja lanu zoona. Dzukani nthawi yomwe munkadzuka, sambani, tulukani kukafunsa ntchito. Dziikireni malire: mukafika mwezi wakutiwakuti osapeza kanthu, mugwiritsa ntchito ndalama ya basi ija isanadyedwe.

Mbali ya akumudzi ndi alangizi

Mutu umodzi susenza denga. Banja lomwe lili ndi munthu kunja likhale pansi ndi kugwirizana zofunika zazikulu za chaka, monga feteleza, fizi ndi malata, m'malo moti aliyense aziimba payekha ndi pempho lake. Pakhale munthu mmodzi wolandira ndalama ndi kufotokoza momwe zayendera. Gawo la ndalama zobwera pa Mukuru kapena njira zina lilowe mu zinthu zobereka: mbuzi, nkhuku, dimba lothirira, kapena masheya ku banki mkhonde. Mukatero, mwezi womwe foni ya ku Cape Town yakhala chete, pakhomo sipagona njala. Ndipo poimba foni, yambani mwafunsa ngati mwana wanu akudya ndi kugona bwino. Nthawi zina imbani osapempha kanthu.

Alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi a chitukuko cha m'midzi amadziwa makomo omwe amadalira ndalama za kunja. Makomo amenewa amaoneka opeza bwino, koma ali pa mwendo umodzi. Alimbikitseni kulowa m'magulu osunga ndalama ndi m'makalabu a alimi. Achinyamata omwe akukonzekera ulendo auzidwe zoona za masiku 30 aja, za lendi ndi za nyengo yozizira, asanagulitse munda kapena ng'ombe kuti apeze ya basi.

Mlangizi safunika kukhala dokotala kuti athandize munthu woganiza kwambiri. Ku Mbare mu mzinda wa Harare, Dr Dixon Chibanda adayambitsa ntchito ya Friendship Bench, momwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika mumtima. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2016 adaonetsa kuti omwe adacheza ndi agogowa kasanu ndi kamodzi adapeza bwino kuposa omwe adalandira chithandizo cha masiku onse, ndipo njirayi yayesedwanso kuno ku Malawi. Chinsinsi chake ndi chapafupi: kumvetsera osaweruza, kuthandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi lomwe angalithe, kugwirizana chochita sabata imeneyo, ndi kukumananso kuti muone momwe zayendera. Mlangizi, mkulu wa mpingo, shehe kapena nkhoswe akhoza kuchita zimenezi pa khonde.

Wobwerera chimanjamanja ndi wathu ndithu

Pali obwerera ndi galimoto, ndipo mudzi wonse umawalandira ndi nthungululu. Pali obwerera ndi kachikwama kamodzi, ena atatsitsidwa pa basi ya boma. Amenewa amalowa m'mudzi kutada, ndipo amatha masabata osatuluka m'nyumba. Mawu achipongwe a pa chitsime ndi pa bawo amawapweteka kuposa njala, ndipo ena amakongola ndalama kuti abwererenso ku mavuto omwe adawathawa, pongofuna kuchoka pamaso pa anthu.

Munthu ameneyu sabwera wopanda kanthu. Yemwe wasamalira maluwa ku Camps Bay kwa zaka zisanu, ndipo adadutsa m'chilala cha 2018, amadziwa kupanga manyowa, kuphimbira nthaka, kufesa mbande ndi kuthirira ndi madzi ochepa. Wa kukhitchini amadziwa ukhondo wa chakudya ndi kawerengedwe ka katundu. Nyakwawa imupatse pomwe angalime, kalabu ya alimi imulembe m'kaundula, komiti ya chitukuko imufunse nzeru pa nazale ya mitengo. Mvula yoyamba ikagwa, akhale ali ndi mzere wake m'munda ndi anthu omuitana ndi dzina lake.